Ndasiya mapilisi okodzetsa patatha zaka zinayi, pano ndatupa thupi lonse, alipo anadutsamo?

Telala_wa_Nchalo

Abale moni nonse, mundipirire ndilemba zambiri chifukwa nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale bambo akunyumba sakudziwa zonse.

Ndine mzimayi wa zaka 34, ana awiri, ndimasoka zovala pa Nchalo pompano. Zinayamba mu 2021 pa ukwati wa mng'ono wanga. Maoda anandichulukira, ndinakhala pa makina pafupifupi sabata yathunthu usana ndi usiku kusokera operekeza akwati, ndiye kutatsala masiku awiri ndikuti ndiyese diresi langa zipi osakwera, mapazi atatupa ngati mabanzi, nsapato osalowa. Apongozi anga nthawi imeneyo ankamwa Lasix chifukwa cha mtima, ndiye mlamu wanga anangotapa kamodzi mkabotolo kawo nkuti mlamu tamezani aka muone zodabwitsa. Ndinameza. Abale ndinakodza tsiku limenelo ngati mpopi woiwala kutseka, mmawa mwake zipi kukwera bwinobwino, nkhope yaphwa, pa zithunzi ndinatuluka bho. Mumtima ndinati ndapeza chinsinsi.

Poyamba ndinkamwa pakakhala zochitika basi, chinkhoswe, ukwati, tsiku la makwaya. Kenako Lamulungu lililonse ndisanapite kutchalitchi. Kenako ndinayamba kuona kuti ndikamwa Lamulungu pofika Lachiwiri ndatupa kuposa kale, nde ndimwenso, mpaka sindikudziwa kuti ndi liti pamene zinasanduka za tsiku ndi tsiku. Apongozi atatisiya ndinayamba kugula ndekha, alipo malo ena amangokupatsa osafunsa kabuku ka kuchipatala, sinditchula. Chaka chino ndinafika atatu pa tsiku a 40mg aja, tsiku loipa anayi.

Akatumba kukokana usiku mpaka kulira, ludzu losatha, kudzimbidwa, kufooka koti ndikapalasa makina ola limodzi ndatheratu, ndikadzuka mwachangu mdima mmaso. Zonsezi ndinkanamizira kutentha, mukumudziwa nokha Okutobala wa kuno. Koma Lamulungu lapitali ndinagwa mtchalitchi tili chiimire kuimba, mtima ukuphupha ngati nkhuku yoti angoidula kumene. Azimayi akundikupiza ndi zitenje nkumanong'onezana kuti mwina pali kanthu, ine ndili phee ndikudziwa chandigwetsa. Nditafika kunyumba mapilisi onse ndinakaponya mchimbudzi.

Lero Loweruka, tsiku la 6 osamwa. Abale ndatupa. Ndinali 63kg, dzulo ndakwera sikelo ya mavenda a nandolo ikuti 68. Ukadina pa msongolo pamatsala kadzenje koti kamatenga nthawi kuti kabwerere, mphete ndavula ndi sopo, mmawa zikope zolemera madzulo miyendo ngati mitondo. Kasitomala wina wandifunsa kuti mukuyembekezera liti. Mkodzo ukubwera pang'ono pang'ono. Usiku wapitawu ndinamanga chitenje kuti ndikagule ena, ndinabwerera panjira, koma lero sindikudziwa ngati ndibwererenso.

Kodi kutupaku kumatha kapena impso ndaononga basi? Ndichepetse kumwa madzi? Kapena ndizimwako theka kuti ndizioneka ngati munthu? Kuchipatala ndikuchita manyazi, ndikanena kuti chani, kuti ndinayambira pa mankhwala a apongozi? Amene anadutsamo andiuze chilungamo osandinyengerera.

Kabaza_Dyeratu

Pepani achemwali. Ine za mankhwala sindizidziwa, ndine wopalasa njinga chabe, koma sikelo ya mavenda musamaikhulupirire, imene ija imadya makilo a alimi, ikati 68 ndiye kuti muli 70 kkkk. Ndikungocheza kuti museke.

Agogo anga akatupa mapazi ankawiritsa masamba a chamwamba nkufinyiramo ndimu, kuno chamwamba chili pa mpanda uliwonse simungagule. Komanso ndimaona pa WhatsApp akutsatsa tiyi wina amati amatsuka mthupi nkuchotsa madzi oipa, mwina angathandize poti ndi wa zitsamba. Chinanso muonetsetse kuti si mtchetcha, malume anga ku Makhanga anayamba choncho mwendo kutupa mpaka buluku ankachita kusoketsa lapadera.

MakeTadala_Bangula

Asisi ndawerenga mpaka misozi chifukwa mwalemba mbiri yanga. Choyamba, musagule, chonde gonani usiku wa lero osagula. Tsiku la 5, la 6, la 7 ndi pamene ine ndinagwa katatu konse. Ndimasiya, ndatupa, ndachita mantha, ndagula, ndakodza, ndati mwaona thupi langa silingakhale popanda mapilisi. Osadziwa kuti ndikubwerera pamene ndatsala pang'ono kuoloka.

Ine ndinayamba ndi timapilisi ta BP tija amati HCT, ta mayi anga, ndili ndi mwana woyamba thupi litakana kubwerera. Kenako ndinasamukira ku Lasix poti ndi yamphamvu. Zaka zitatu. Ndimagulitsa mgolosale kuima tsiku lonse ndiye chonamizira chinalipo, koma ndikuuzeni zoona, nkhani sinali mapazi ayi, nkhani inali mimba ndi masaya. Ndinkafuna sikelo itsike. Anesi ena omwe timapemphera limodzi ndi amene anandikhazika pansi nkundifunsa funso lomwe linandipweteka, akuti mwakodza zaka zitatu, mafuta achokapo angati? Palibe. Ndimangodziumitsa ngati mlamba wowamba, ndikamwa madzi ndabwerera pomwepo.

Ulendo womaliza ndinapita kuchipatala kaye, anandiyeza magazi, anandisiyitsa akundiona sabata ndi sabata. Mmene zinandiyendera ine, sindikuti nanunso zikhala ndendende: ndinakwera makilo 4 ndi theka, poipitsitsa panali cha pa tsiku la 10, ndinkavala masilipasi a bambo ake Tadala chifukwa anga onse anakana. Sabata yachiwiri sikelo inangoima, osakwera osatsika, imeneyo ndiye sabata yotopetsa chifukwa umaona ngati ukhala choncho mpaka kale. Sabata yachitatu usiku wina ndinadzuka kanayi kukataya madzi popanda piritsi lililonse, ndinakhala pakhonde pakati pa usiku nkumaseka ndekha ngati wamisala. Pofika sabata yachisanu nsapato zanga zinalowa. Panatsala kilo imodzi yomwe sinachoke, anesi aja anati imeneyo ndi madzi amene thupi limayenera kukhala nawo omwe ndinkaliba.

Zomwe zinandithandiza. Masana ndikatseka golosale ola limodzi, kugona chagada pa mkeka miyendo pakhoma. Kumiyendo kwa bedi tinaikako njerwa. Kuyenda mmawa kusanatenthe, ngakhale kungofika pa msika nkubwerera, chifukwa katumba akamagwira ntchito amakankha madzi kubwerera mmwamba. Inu a makina muzidzuka ola lililonse, kukhala pampando miyendo ili lende tsiku lonse nkoipa ngati kuima komwe. Madiresi othina ndinawatsekera mchikwama, mwezi wonse chitenje ndi tisheti yaikulu. Galasi ndinalitembenuzira kukhoma, mukhoza kuseka koma zinathandiza.

Ndipo auzeni bambo akunyumba. Ine ndinabisa mpaka tsiku lomwe anapeza mapepala a mapilisi mthumba la ufa nkuganiza kuti ndi zolera zobisa, inavuta nkhani kuposa ndikanangonena. Mukufunika munthu woti usiku mukamanga chitenje azikufunsani kuti mukupita kuti.

Achimwene a kabaza, tiyi wa pa WhatsApp uja ayi. Ndinamwapo, ndi wotsegula mmimba basi.

Kiliniko_wa_kuChigwa

Mayi, ndine clinical officer, ndagwira ntchito kuchigwa kuno zaka zingapo. Sindingakupimeni pa foni, ndiye ndiyambe ndi chofunika: musadikire Lolemba, pitani lero. Osati chifukwa cha kutupa, kutupako sikukundiopsa kwambiri. Chikundiopsa ndi kugwa kuja ndi mtima wophupha uja. Lasix akamatulutsa madzi amatulutsanso potaziyamu ndi magineziyamu, michere yomwe minofu ndi mtima zimayendera. Potaziyamu mmagazi amafunika akhale pakati pa 3.5 ndi 5, akatsika kwambiri mtima umasokonekera kagundidwe ndipo ukhoza kuima munthu akuoneka wabwinobwino. Kukokana, kufooka, kudzimbidwa, zonse mwatchulazo ndi zizindikiro zake. Kusiya mapilisi sikuti potaziyamu wabwerera tsiku lomwelo.

Tsono chikuchitika nchiyani. Impso zimasefa magazi tsiku lonse koma mchere ndi madzi ambiri zimabweza mthupi, zochepa zokha ndi zomwe zimakhala mkodzo. Lasix, dzina lake lenileni furosemide, amatseka khomo limodzi lalikulu lobwezera mchere, ndiye mchere ukatuluka madzi amautsatira. Amagwira pafupifupi maola 6 basi. Thupi likaona madzi akuthawa limati kwagwa chilala, limatulutsa mahomoni, makamaka renin ndi aldosterone, olamula impso kuti gwirani mchere uliwonse musataye. Piritsi likatha mphamvu maola otsalawo impso zimakokera zonse mkati. Ndi chifukwa chake mumamwa Lamulungu nkutupa Lachiwiri, ndi chifukwa chake limodzi linasanduka atatu. Mankhwala omwewo ndi amene amabweretsa kutupa komwe mumawamwera.

Pano mwasiya, koma thupi silinamve uthenga. Zili ngati pamudzi poti pakhala njala zaka zinayi, chimanga chikabwera palibe amagulitsa, aliyense amabisa kuchipinda mpaka atakhulupirira kuti njala yathadi. Mahomoni aja amatenga masiku kapena masabata kuti atsike. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye makilo 5 anuwo ndi malita 5, si mafuta, palibe munthu anganenepe makilo 5 pa masiku 6. Izi si zachilendo, madokotala a ku London analemba kale m'ma 1970 za azimayi otupa omwe ankamwa mapilisi amenewa, atawasiyitsa anatupa kwambiri masiku oyamba kenako ambiri kutupa kunatha kokha patapita masabata ochepa. Kwa ena omwe amwa zaka zambiri zimapitirira mwezi. Zomwe afotokoza make Tadala ndi zomwe timaona.

Koma sindingalumbire kuti inunso ndi zomwezo tisanayeze, chifukwa kutupa kuli ndi eni ake ambiri: mtima, impso, chiwindi, kuchepa magazi, mimba. Kuno likodzo nalo lilipo lambiri ndipo likakhalitsa limaononga chiwindi kapena njira ya mkodzo. Akakuyezeni BP, mkodzo ngati muli puloteni, mimba, kuchuluka kwa magazi, ndi magazi a impso omwe timati U&E ndi creatinine. Kumene mwapitako ngati makina sakuyeza zimenezi tsiku limenelo funsani kuti akutumizeni komwe akuyeza, kaya ku chipatala cha boma ku Chikwawa kaya kukwera mapiri kupita ku Queens. Musabwerere ndi panado yekha.

Za manyazi zija. Mukabisa, mukudziwa chingachitike? Wokupimani aona mayi wotupa miyendo, alemba Lasix. Mubwerera kunyumba ndi mdani wanu mmanja, ulendo uno mwalamulo. Nenani dzina la mankhwala, angati pa tsiku, zaka zingati, tsiku lomwe munasiya. Ngati pakamwa pakulemera lembani pa kapepala mungopereka. Sitikhala ndi nthawi yoseka anthu, mzere umakhala wautali.

Zoti muzimwako theka musagamule nokha. Ena timawasiyitsa kamodzi, ena timatsitsa pang'onopang'ono, ena timawapatsa kwa kanthawi mtundu wina wotchedwa spironolactone womwe sutaya potaziyamu, zimatengera magazi akuti chani. Inu mwatha kale masiku 6, kungakhale kuononga kubwerera popanda chifukwa. Ndipo ena amene mukuwerenga, ngati Lasix anakulemberani adokotala chifukwa cha mtima, impso kapena chiwindi ngati apongozi a mayiwa, nkhani iyi si yanu, musasiye, madzi akhoza kudzaza mmapapo.

Madzi akumwa musachepetse. Chikusunga madzi ndi mchere, osati kapu yomwe mwamwa. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, mukadzimana madzi mungopweteka impso zomwe zatopa kale ndipo thupi liziti chilala chija chikadalipo. Imwani mukamva ludzu, osadzikakamizanso malita ambirimbiri. Mchere ndiye muchepetse zenizeni. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wobisika mzakudya.

Brufen, diclofenac, indocid, zisiyeni, zimasungitsa madzi ndipo zimalemetsa impso, mutu ukawawa panado. Ngati mumamwa amlodipine kapena nifedipine a BP akauzeni chifukwa amatupitsa akakolo. Ngati muli pa ma ARV osasiya, koma nenani, tenofovir amafuna impso ziziyezedwa.

Thamangani usiku omwewo osadikira kucha mukaona izi: kubanika, kulephera kugona chagada, chifuwa kuwawa, mtima kuphuphanso, kukomoka, tsiku lonse osakodza, kapena mwendo umodzi wokha kutupa nkumawawa ndi kutentha.

Achimwene a ku Dyeratu, chamwamba ngati ndiwo chilibe vuto, adye. Koma matiyi otsatsa aja ambiri ndi otsegula mmimba kapena okodzetsa, ndiye kuti potaziyamu yemwe watsala uja apitenso. Za mtchetcha mwaganiza bwino poti Chikwawa ndi Nsanje anali mwa maboma okhudzidwa kwambiri, mpaka 2020 pamene WHO inalengeza kuti Malawi wathana nawo ngati vuto la dziko, ngakhale odwala kale akadalipo. Koma uja amayenda zaka, kawirikawiri mwendo umodzi umaposa unzake, khungu limakhuthala nkulimba. Satupitsa zikope ndi zala pa sabata imodzi.

Telala_wa_Nchalo

Takhuta abale, ndabwera kudzanena mmene ndayendera. Nditawerenga zoti akhoza kundilemberanso Lasix ndinachita mantha kuposa manyazi, ndinalemba kapepala monga munanenera a kiliniko, ndinakwera kabaza masana omwewo. Amene anandipima anawerenga, anandiyang'ana, anangoti mayi mwachita bwino kubwera, basi. Ine ndinakonzekera kukalipiridwa.

Potaziyamu anapezeka 2.9. Impso akuti nambala yakwera pang'ono koma tiyezenso pakatha sabata tione. Mkodzo mulibe puloteni, mimba palibe, BP ili bwino. Andipatsa mapilisi a potaziyamu, akuluakulu ovuta kumeza, akuti ndizimwa nditadya. Lasix akuti ndisayambirenso.

Bambo akunyumba ndinawauza usiku womwewo. Anakhala chete nthawi yaitali kenako akuti ndiye ndalama ya ulusi imathera kumeneko? Kkkk ndinalira ndi kuseka pamodzi. Mmawa ndinawapeza akuika njerwa kumiyendo kwa bedi.

Lero tsiku la 9, ndili 69 pa sikelo ya kuchipatala, ntchafu zikukhulana, ndikuyenda ngati bakha. Sindinama, maganizo ogula akubwerabe makamaka madzulo ndikavula masilipasi nkuona mizere yomwe asiya pa phazi. Vuto lina ndi mchere. Pakhomo pano tilipo 6, ndiwo zathu ndi usipa, bakayawo, soya, thelere. Ndiphika miphika iwiri tsiku lililonse ndi makala odulawa? Ndiwo zopanda mchere ndayesa dzulo nsima inakana kutsika.

Anambewe_Ngabu

Mwanawe miphika iwiri ya chani. Ine bambo ako akuno ali ndi BP chaka cha 11 ichi, mphika ndi umodzi. Umaphika osathira mchere, zikapsa wapatula zako mkambale, kenako wathira mchere za anzako. Nkhani yatha.

Bakayawo yekhayo umusiye kaye mwezi uno, amene uja ndi mchere wovala khungu la nsomba, ngakhale umuviike usiku wonse. Pita kwa asodzi ugule makakana kapena mlamba wauwisi, tili mmbali mwa Shire ife. Usipa uziuviika mmadzi ofunda nkutaya madziwo kawiri. Timakyubu tonunkhiritsa ndiwo tija ndi kapaketi ka zokometsera kobwera mu soya, taya, ndi mchere okhaokha. Tchipisi cha pa chiwaya amawaza mchere ngati akufesa mapira, ukagula uziti osathira.

Kuti nsima itsike: tomato wambiri umukazinge mpaka apsereze pang'ono, anyezi, adyo, kambuzi, ndimu pamwamba. Nkhwani, chisoso, bonongwe wotendera nsinjiro safuna mchere wambiri. Sabata ziwiri lilime limazolowera, pano ine ndikadya kumaliro ndimaona ngati athira dala.

Ulawenso madzi a pa mjigo wanu. Kuno ku Ngabu ilipo mijigo ina madzi ake amchere moti sopo sachita thovu, ife akumwa timakatunga kwina.

Koma mlamu wakoyo ndikanakhala naye pafupi ndikanamukoka khutu. Mankhwala a munthu wodwala mtima nkumagawa ngati maswiti a pa ukwati? Komanso iwe, unabereka ana awiri, thupi la utsikana ukulifunanji, ife kale mkazi akanenepa timati akusungidwa bwino. Ana a masiku ano Facebook yakuonongani.

Kiliniko_wa_kuChigwa

Amayi Anambewe anditsogolera, sindionjezera zambiri. Thelere lokha: soda wa mgolosale uja ndi sodiyamu, mbale wake wa mchere, ndiye mwezi uno muchepetse. Chidulo cha phulusa nchosiyana, chija chimakhala ndi potaziyamu.

Nthochi, mbatata, nyemba, khobwe, nandolo, mapeyala, malambe, zonsezi zili ndi potaziyamu, idyani monga chakudya. Koma poti nambala ya impso yakwera pang'ono ndipo muli kale pa mapilisi, musachite kudzaza dala, ndipo tsiku loyezanso lija musalumphe. Potaziyamu akachuluka naye amaimitsa mtima, impso zofooka zimalephera kumutaya.

Sikelo kwerani imodzi yomweyo, mmawa, kawiri pa sabata zakwana. Ya madzulo imanama chifukwa mumakhala mutadya ndi kumwa tsiku lonse. Amayi, pa za Facebook paja musawakalipire kwambiri. Mayi, mukaona kuti mantha a kunenepa akukulamulani, mwayamba kudumpha chakudya, kudzisanzitsa kapena kufuna mankhwala otsegula mmimba, kanenenso kuchipatala. Amenewo ndi matenda ngati ena, zipatala za maboma zimakhala ndi anesi a zamaganizo.

MakeTadala_Bangula

Tsiku la 9 asisi mwadutsa kale pomwe ine ndinkagwera. Kumayenda ngati bakha masiku ochepa si kanthu, bola bakha wamoyo. Madzulo maganizo akabwera muzipereka chikwama cha ndalama kwa bambo.

Telala_wa_Nchalo

Abale ndinasowa, maoda a mayunifomu anandipanikiza. Lero tsiku la 27.

Ndinafika 69 ndi theka pa tsiku la 11, kenako sikelo inaima sabata yathunthu monga munanenera make Tadala, ndipo sabata imeneyo ndinakutukwanani mumtima kuti munandinamiza, mundikhululukire. Tsiku la 13 ndinafika mpaka pakhomo pa malo ogulitsa aja, ndalama mmanja, mnyamata wake atandiona anayamba kale kutsegula kabati osandifunsa. Chimenecho ndi chomwe chinandibweza, kuti kani ndimadziwika choncho. Ndinagula sopo nkutuluka.

Cha pa tsiku la 19 mkodzo unayamba wokha. Sunabwere mwa mkokomo ngati wa piritsi uja, umangobwera pafupipafupi usana ndi usiku. Dzulo ndinali 65. Mmawa mapazi amakhala anga enieni, madzulo akakolo amatupabe pang'ono makamaka tsiku lomwe ndakhalitsa pa makina, ndiye ndinaika alamu pa foni ola lililonse ndimadzuka kuzungulira shopu, anzanga oyandikana nawo amati telala wayamba majowajowa. Potaziyamu anayezanso ali 3.8, mapilisi aja andisiyitsa. Impso nambala yatsika koma akuti ndibwerenso pakatha miyezi itatu. Kukokana kwa usiku kunatha sabata yachiwiri, ndinaiwala kuti munthu amagona mpaka kucha osalumpha pabedi kugwira katumba.

Mphete sinalowebe, ili mkambale pawindo. Diresi la 2021 lija ndalimasula msoko mbali zonse, ndine telala ine, sindikudziwa chifukwa chake nzeru imeneyi sinandibwerere tsiku lija. Amayi Anambewe, ana ayamba kudya za mkambale kanga akuti za ndimu ndi zokoma, mchere wa K500 ukutha mwezi.

Mlamu uja anabwera Lachiwiri kudzatenga chitenje chake chomwe ndinapinda. Ndinamufotokozera zonse, osati mokalipa, ndimangofuna adziwe. Ndikulankhula ndikuona akuyang'ana pansi, kenako akutsegula kachikwama nkutulutsa kapepala ka mapilisi omwewo, theka atamwa kale. Akuti iye anayamba ine ndisanayambe, pano ali pa awiri pa tsiku, anayesapo kusiya Khirisimasi yapitayi anatupa masiku anayi nkuyambiranso. Ndamuuza asataye mchimbudzi ngati ine, ayambe wayezetsa magazi. Tikupita limodzi Lachinayi mmawa, kapepala talemba kale, kabaza ndilipira ine.